Nkhodolero ndi mpatuliro: momwe gulu lathu la Loweruka likuyendera ku Ulónguè

Zolemba izi ndakhala ndikuziika m'kope Loweruka lililonse tikaweruka, ndipo anzanga ena ophunzitsa Chingerezi kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, andipempha kuti nawonso aziwerenge. Gulu lathu ndi la ana 21 a kalasi ya 7 ndi ya 8. Timakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china kunja pang'ono kwa tawuni, kuyambira 8 koloko mpaka njala itayamba kuwawa. Chimene tikufuna n'chakuti mwana azitha kutenga zimene walemba m'Chingerezi, kuziwerenganso, n'kukonza yekha zizindikiro, makamaka ziwiri zimene zimawagwetsa kwambiri. Anawo amazitchula vírgula ndi apóstrofo monga anaphunzirira m'Chipwitikizi. Ine ndinaziphunzira ku Malawi, komwe banja lathu linathawira nkhondo ndili wamng'ono, ndipo kumeneko m'phunziro la Chichewa ankati mpatuliro ndi nkhodolero. Ndi mayina amenewa amene ndizitchulira muno.

Malichi, Loweruka loyamba

Lero sindinaphunzitse kanthu. Ndinalemba pa bolodi ndime yaifupi yonena za mnyamata amene anabwereka njinga ya mkulu wake kupita kumsika wa ku Calomue. Ndinachotsamo zizindikiro zonse kupatula mipumiro, n'kuwauza kuti abwezeretse zimene akuona kuti zikusoweka. Munkafunika nkhodolero zisanu ndi mipatuliro isanu ndi iwiri.

Mapepala ndawaona madzulo ano. Ena anangokopera ndimeyo mwaudongo osaikamo chilichonse. Ena anawaza zizindikiro ngati akufesa mawere, paliponse pamene paoneka kampata. Tisanabalalike ndinafunsa mnyamata wina chifukwa chake anaika nkhodolero pa liwu loti "bananas". Anandiyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, Chingerezi chimakhala ndi timeneti." Ndalemba yankho limeneli patsamba loyamba la kope langa chifukwa landionetsa pamene pali matenda. Kwa iye chizindikiro ndi chokongoletsa, chopangitsa kuti chiganizo chioneke cha Chingerezi. Sakudziwa kuti chili ndi ntchito.

Mlandu si wa anawa. Kunyumba amayankhula Chinyanja, kusukulu amaphunzira chilichonse m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chimawapeza atakula kale, kwa maola ochepa pa sabata. Komabe sangachizembe. Kuchokera pano, Dedza ndi pakhomo tikayerekeza ndi mzinda wa Tete. Chigawo chathu chimachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo m'maofesi a mayiko atatu onsewa amalemba Chingerezi. Mozambique yemwe analowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995 ngakhale sanalamulidwepo ndi Britain. Amene adzafune ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, kapena kuchita malonda m'malire muno, tsiku lina adzalemba kalata imene munthu wosamudziwa adzamuweruzire nayo.

Malichi, Loweruka lachiwiri

Phunziro la lero silinayende. Ndinayamba ndi nkhodolero ndipo ndinadutsira m'Chipwitikizi, poganiza kuti ndicho chiyankhulo chimene anazolowera kuchiona papepala. Ndinalemba "copo d'água" n'kufotokoza kuti "e" wa "de" wagwa, ndipo kachizindikiroko kakusunga malo ake. Anagwedeza mitu. Titafika pa ntchito yolemba, ambiri analembabe "dont" ndi "Im".

Ndili m'njira ndinazindikira chifukwa chake. Chipwitikizi sichigwiritsa ntchito nkhodolero kawirikawiri. Chizolowezi chake n'kuphatikiza mawu osasiya chipsera: "de" ndi "o" amasanduka "do", "em" ndi "a" amasanduka "na". Mwana amene walemba "do" ndi "na" kwa zaka zisanu ndi chimodzi akaona "dont" saona cholakwika, chifukwa m'maso mwake ndi mmene mawu amaphatikizikira. Chitsanzo changa cha madzi chija chinali chimodzi chokha kulimbana ndi mazana a zitsanzo zotsutsana nacho.

Malichi, Loweruka lachitatu

Lero ndinasiya Chipwitikizi pakhomo n'kuyamba ndi chiyankhulo chathu. Ndinafunsa amene amatha kulemba Chinyanja. Manja anakwera pang'onopang'ono, mwamanyazi, ngati ndafunsa chinthu chosayenera kutchulidwa m'kalasi. Ambiri mwa amene anakweza ndi amene amawerenga Baibulo ndi mabuku a nyimbo kutchalitchi, ndipo atatu anayamba sukulu m'makalasi ophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri.

Ndinalemba "mu munda", pansi pake "m'munda". Ndinalemba "ndi chiyani", pansi pake "n'chiyani". Kenako ndinafunsa kuti chathawa n'chiyani. Chipinda chonse chinakuwa kuti "u!" ndipo pa chachiwiricho anakangana pang'ono mpaka atagwirizana kuti pagwa zilembo ziwiri, "d" ndi "i". Nditalemba "I am" pambali pake sindinachite kufunsa. Mtsikana wina wa kalasi ya 7, amene sanayankhulepo masabata awiri apitawa, anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti kali ngati chitsa. Mtengo wadulidwa koma chitsa chatsala kuti tidziwe kuti panali mtengo." Kuyambira pamenepo anawo akuitchula chitsa, ndipo ine sindiwaletsa.

Tinadula timizere ta mapepala. Aliyense analemba "do not", "she is", "we have", "they are" m'zilembo zazikulu, n'kupinda pepalalo kuti chilembo chakugwacho chibisike, kenako n'kuika njere ya nyemba pamwamba pa mpindiro. Ntchito yamanjayi inaonetsa vuto limene sindinaliganizire. Anayi analemba "do'nt". Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti akutsatira Chinyanja mokhulupirika. Mu "m'munda" malo amene chilembo chagwa ndi omwewonso amene mawu awiri akumana, choncho mwana angaganize kuti nkhodolero imakhala polumikizira. Mu "don't" malo awiriwa ndi osiyana: mawu akumana pakati pa "o" ndi "n", koma chilembo chagwa pakati pa "n" ndi "t". Tinabwereranso ku mawu a mtsikana uja. Chitsa chimakhala pamene panali mtengo, osati pa malire a munda. Ndinawachenjezanso kuti "can't" wataya zilembo ziwiri, ndiponso kuti "won't" sapindika kuchokera ku "will not" ngakhale utayesa bwanji. Ameneyo ndi woloweza basi.

Titatsala pang'ono kuweruka mnyamata wa nthochi uja anafunsa funso limene linandisangalatsa kuposa zonse: "Nanga mu ng'ombe chagwa n'chiyani?" Palibe chagwa. Pamenepo nkhodolero ikugwira ntchito ina, yosiyanitsa kamvekedwe. Ndinalemba "ng'oma" ndi "ngoma" n'kuwauza atchule. Anaseka, chifukwa mwana wa ku Angónia sangasokoneze ng'oma yoimba ndi ngoma, gule wa Angoni amene agogo awo amavina atanyamula zishango. Ndinawauza kuti asunge zimenezi m'mutu: chizindikiro chimodzi chingakhale ndi ntchito ziwiri, ndipo m'Chingerezi nachonso zili choncho.

Ndiike pano zimene zakhala zikundiwawa mumtima lero lonse. Chigawo chathu chino ndicho chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesera koyamba kuphunzitsa ana m'chiyankhulo chawo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 pulojekiti ya PEBIMO inaphunzitsa m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Koma mpaka lero mwana amachita manyazi kuvomera kuti amalemba Chinyanja. Chimene Chipwitikizi chinalephera kutsegula sabata yatha, "m'munda" watsegula m'mphindi zochepa.

Epulo, Loweruka loyamba ndi lachiwiri

Nkhodolero ya umwini yatitengera masabata awiri ndipo sitinamalize.

Vuto lalikulu silili pa chizindikiro ayi, lili pa kasanjidwe ka mawu. Ife timati "njinga ya mkulu wanga". Chipwitikizi chimati "a bicicleta do meu irmão". Ziyankhulo ziwiri zonse zimene mwana amazidziwa zimayamba ndi chinthu, mwini n'kubwera pambuyo. Chingerezi chimatembenuza: "my brother's bicycle". Pa ntchito yoyamba pafupifupi theka la gulu linalemba "my bicycle's brother". Nkhodolero anaiika bwinobwino, koma pa njinga.

Tinabwereka khasu kwa mlonda wa patchalitchi. Mtsikana mmodzi analigwira, ndipo ndinafunsa kuti mwini ndani. Lamulo limene tinapangana ndi ili: funsa kaye mwini, umulembe monga alili, uike chala kumapeto kwa dzina lake, ndipo pamene pali chalapo ndi pamene pakhale nkhodolero. Ngati dzinalo silithera ndi "s" wosonyeza kuchuluka, wonjezera "s". Mtsikana mmodzi: "the girl's hoe". Atsikana atatu anagwirira limodzi mpini: mwini ndi "girls", chala chipita pambuyo pa "s", ndiye "the girls' hoe". Kenako ndinasakaniza anyamata ndi atsikana. Mwini ndi "children", chala pambuyo pa "n", ndiye "the children's hoe". Njira ya chalayi ndaikonda chifukwa siifuna kuti mwana aloweze malamulo atatu osiyana, ndipo "men's" ndi "women's" amangotulukira okha.

Chinawadabwitsa n'chakuti "girl's" ndi "girls'" amamveka chimodzimodzi. Ndinawatchulira kangapo atatseka maso, ndipo palibe anatha kusiyanitsa. Ife tinazolowera kuti khutu limatiuza: "khasu la mtsikana" ndi "khasu la atsikana" sangasokonezeke. Apa khutu silithandiza. Wolemba yekha ndiye amadziwa kuchuluka kwa eni ake, ndipo akapanda kuika chizindikiro pamalo pake wowerenga alibe pena pofunsa.

Wina anafunsa za mayina othera ndi "s" monga James. M'mabuku a Chingerezi mumapezeka zonse ziwiri, "James's" ndi "James'". Ndawauza asankhe yoyambayo ndipo asamasinthesinthe m'nkhani imodzi.

Epulo, Loweruka lomaliza

Tabwerera m'mbuyo. Chiphunzirireni za umwini, "s" aliyense wa kumapeto kwa liwu walandira nkhodolero: "two goat's", "my sister sell's potatoe's". Ngakhale mtsikana wa chitsa uja wagwamo. Nditawerenga makope ndinakhala kaye chete kwa kanthawi, chifukwa zinaoneka ngati ntchito ya mwezi wathunthu yapita ndi madzi.

Koma kulakwa kumeneku si kwa ana athu okha. Amene amayenda mumsewu wa m'malire wodutsa pa Lizulu aonapo zikwangwani za magolosale ndi malo odyera zolembedwa motero, ndipo ngakhale ku England komwe ogulitsa ndiwo zamasamba amadziwika ndi cholakwa chomwechi. Diso la mwana limaphunzira kuchokera pa zikwangwani nthawi yaitali lisanaone buku.

Tapangana mafunso awiri oti azidzifunsa asanagwetse pensulo. Kodi pagwa chilembo? Kodi pali mwini ndi chinthu chake? Ngati mayankho onse ndi ayi, dzanja libwerere. Tinawalemba m'Chinyanja pa katoni n'kupachika pakhoma. Tinathera nthawi yotsala pa "its" ndi "it's". Mankhwala ake ndi kutambasula: werenga mokweza "it is" pamalopo, ndipo ngati chiganizo chikumveka, chitsa chikhalepo. "The goat broke it is rope" anaseka okha. Ndinawaonetsanso kuti "its" ndi wa banja limodzi ndi "his", "hers", "ours" ndi "yours", ndipo m'banja limeneli mulibe amene amanyamula nkhodolero.

Meyi, Loweruka lachiwiri

Abwera asanu ndi mmodzi okha. Anthu ali kumunda kukolola chimanga ndi soya, ndipo mwana wa msinkhu uwu ndi dzanja lofunika pakhomo. Sindinayambe chatsopano. Tinangobwereza ndi amene analipo. Chaka chamawa gululi lidzapuma mwezi uno wonse.

Meyi, Loweruka lomaliza

Tayamba mpatuliro, ndipo ndayamba ndi kuphwasula zimene inenso ndinaphunzitsidwa. Tonse tinauzidwa kuti mpatuliro ndi popumira pang'ono. Anawo anauzidwanso chimodzimodzi za vírgula. Ndinapatsa ana atatu chiganizo chimodzi kuti awerenge mokweza, enawo akuika chizindikiro pamene wowerenga wapuma. Tinapeza mayankho atatu osiyana. Mwana amene akuwerenga chiyankhulo chachitatu amapuma pamene wakumana ndi liwu lovuta, osati pamene ganizo lagawika. N'chifukwa chake makope awo adzaza ndi ziganizo ngati "My uncle who drives a lorry, is coming" ndi "The teacher, gave us books", pamene mpatuliro walekanitsa wochita ndi chimene akuchita. Ngakhale m'Chipwitikizi chimenechi n'cholakwa.

Ndasankha kuwapatsa ntchito zinayi zokha za mpatuliro, zina zidikire. Kulekanitsa zinthu zondandalikidwa. Kupatula munthu amene ukumuitana, ndiponso "yes" ndi "no" wa kumayambiriro. Kutseka kachigawo kotsogolera chiganizo. Kukhala patsogolo pa "but", "and" kapena "so" pamene akulumikiza ziganizo ziwiri zoima pazokha. Mwana akaika mpatuliro, mnzake ali ndi ufulu womufunsa kuti, "Ameneyu akugwira ntchito iti?" Akasowa yankho, afufute.

Chimene chinawagwira mtima ndi chikwangwani. Ndinajambula chipata cha dimba n'kulembapo "No goats are allowed". Kenako ndinaika kachizindikiro kamodzi: "No, goats are allowed". Zinatenga kanthawi, kenako mnyamata wina amene kwawo amalima kabichi kudambo anagwira kumutu n'kunena kuti, "Dimba lonse latha!" Tinayesanso "I know Mother" ndi "I know, Mother". Woyambayo akuti amawadziwa amayi, wachiwiriyo akuyankha amayi ake kuti zimenezo akuzidziwa.

Pa zondandalika panabuka funso la mpatuliro wa patsogolo pa "and" womaliza. Chipwitikizi nthawi zambiri sichiika vírgula patsogolo pa "e" wa m'ndandanda. M'Chingerezi ena amaika, ena saika. Umene amaikawo amautchula mpatuliro wa Oxford, ndipo olemba a ku America amaukonda kuposa a ku Britain. Ndawauza kuti zonse n'zololedwa malinga asasakanize. Sindikufuna kuti mwana azitaya mphamvu pa mkangano umene eni chiyankhulo sanaumalize.

Juni, Loweruka loyamba

Kwazizira kwambiri, ndipo tinatulutsa mabenchi panja kuti tiwothere dzuwa. Phunziro la lero silinali m'mapulani anga. Mtsikana amene amathandiza mayi ake kugulitsa kachewere analemba m'nkhani yake kuti "We sold one bag for 1.500 meticais". Mnzake wokonza anasiya osakhudza, chifukwa kwa onse awiri palibe cholakwika. M'Chipwitikizi vírgula ndiye amadula nambala yathunthu ndi zidutswa zake, ndipo kadontho kamagawa masauzande. N'chifukwa chake pa malisiti athu timaona 1.500,00 MT. Chingerezi chimachita mosemphana: 1,500.00. Wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Harare akaona 1.500 angawerenge kuti thumba lagulitsidwa pa metikali imodzi ndi theka. Chimodzimodzinso 2,5 kg wathu, amene m'Chingerezi ndi 2.5 kg.

Anthu a m'malire muno amagwira metikali ndi kwacha tsiku limodzi, ndipo ana ambiri ndiwo amalembera makolo awo mitengo pa foni. Tinathera mmawa wonse tikutembenuza mitengo ya feteleza, ya matumba ndi ya thiransipoti uku ndi uku. Palibe tsiku limene anamvetsera ngati lero.

Juni, Loweruka lachitatu

Kuyambira pachiyambi ndakhala ndikuwasinthanitsa makope kuti azikonzerana ndi pensulo, ndipo zimayenda ndithu, kupatula timikangano ta apo ndi apo. Lero ndinayesa china. Ndinalemba ndime pa bolodi, ndinalakwitsamo dala malo asanu ndi atatu, n'kuwauza kuti ndalemba ndine ndipo andikonze. Panali zii. Ndinadikira. Ndinaona maso a ena akuima pa "the dog wagged it's tail", kenako n'kuyang'ana pansi. Nditaumiriza, mtsikana wamkulu pa onse anati, "Pepani aphunzitsi, ife sitingakonze za inu."

Sindinafune kuthyola ulemu umenewu. Ndi umene makolo awo anawaphunzitsa, ndipo ndi wabwino. Koma mkonzi amene amaopa dzina la wolemba sangakonze kanthu, ndipo mawa lino adzakopera cholakwa cha pa chikwangwani kapena cha m'kalata ya ku ofesi chifukwa choti chalembedwa ndi wamkulu. Ndinawafunsa kuti, agogo akamatuluka kupita kutchalitchi chitenje chili ndi chisoso kumbuyo, mdzukulu waulemu ndi uti, wowauza kapena wongoyang'ana? Anati wowauza, koma monong'ona. Ndiye tinapangana mawu okonzera wamkulu: "Aphunzitsi, taonaninso mzere wachitatu." Sakunena kuti ndalakwa, akungondilozera. Atapeza njira imeneyi manja anakwera, ndipo anapeza malo asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu aja. Amene anawaphonya ndi mpatuliro wolumikiza ziganizo ziwiri popanda mlumikizi, ndipo ndi amene titengane naye sabata yamawa.

Juni womaliza ndi Julayi woyamba

Ndinawatuma kuti aliyense akapemphe agogo kapena azakhali nthano imodzi, ailembe m'Chinyanja monga yakambidwira, kenako aiike m'Chingerezi. Zabwera nthano za Kalulu zambiri, ziwiri za Fisi, ndi imodzi ya mkamwini waulesi imene inatiseketsa tonse.

Apa ndi pamene ndaona gwero la ziganizo zawo zazitali ngati msewu wa ku Zóbuè. Wokamba nthano amalumikiza zochitika ngati mikanda: anapita kudambo, n'kupeza Njovu, n'kuiuza kuti, n'kuthawa. M'Chinyanja "n'ku" ameneyu amanyamula katundu yense ndipo chiganizo chimayenda bwino. Mwana akafika m'Chingerezi amasowa "n'ku", ndiye amaika mpatuliro pamalo pake: "The hare went to the river, he saw the elephant, he greeted him, he ran away". Chilichonse mwa zigawo zimenezi ndi chiganizo chokwanira, ndipo m'Chingerezi cholembedwa mpatuliro yekha alibe mphamvu yozimanga pamodzi. Pafunika mpumiro, kapena mlumikizi. Tinayesa motere: phimba ndi dzanja mbali imodzi ya mpatuliro, werenga yotsalayo, kenako sinthanitsa. Ngati mbali zonse ziwiri zikuima pazokha, mpatuliro wasenza katundu woposa msinkhu wake. Ena amva, ambiri sanamve. Ili ndi phunziro lovuta kuposa onse amene tadutsamo.

Nthano zomwezo zatipatsanso mphatso. Chinyanja chili ndi kachigawo kotsogolera kooneka bwino: "Kalulu atafika kudambo, anapeza Njovu ikumwa madzi." Ndinawauza asake "ata" ndi "ita" aliyense m'nthano zawo, ndipo pafupifupi paliponse Chingerezi chake chinayamba ndi "When" kapena "After" n'kufuna mpatuliro pamalo omwewo. Ntchito yachitatu ya mpatuliro ija yakhazikika tsopano popanda kuloweza.

Pa mawu oyankhulidwa tangokhudza pamwamba. M'mabuku a Chipwitikizi munthu akamayankhula amayamba ndi kamzere, ndipo anawo anachita chimodzimodzi. Ndawaonetsa mitengero ndi mpatuliro umene umabwera pambuyo pa "said", koma sindinawaumirize.

Julayi, Loweruka lachitatu

Mmodzi wa makolo anatibwereka foni, ndipo ine ndinabweretsa yanga. Ndinkafuna aone kuti makina sangawaganizire. Tinalemba "were", "well" ndi "ill", mawu amene ali olondola paokha komanso amasanduka ena ukaikapo chitsa: "we're", "we'll", "I'll". Foni nthawi zina inkasintha yokha pamene sitinafune, nthawi zina inkasiya pamene tinkafuna. Mnyamata wina anavomera kuti pa WhatsApp salemba chizindikiro chilichonse chifukwa anzake amamva. Sindinamutsutse. Ndinangomufunsa ngati angapite ku ukwati ndi zovala za kudimba.

Kwa anzanga amene muli ndi makompyuta kusukulu: pa kiyibodi ya Chipwitikizi nkhodolero ili pa batani la kumanja kwa 0, limodzi ndi mfunsiro. Ana ambiri amadina kachizindikiro ka acento agudo, kamene amaika pamwamba pa "é", chifukwa kamafanana nayo. Papepala losindikizidwa kamapendekeka ndipo kamasiya mpata woonekera. Ndi bwino kuwaonetsa batani loyenera tsiku loyamba lomwe.

Ogasiti, Loweruka loyamba

Ndawapatsanso ndime ya njinga ya ku Calomue ija, yomweyo ya mu Malichi, osawauza kuti ndi yomweyo. Abwera 17. Anayi anasiya m'nyengo yokolola ndipo sanabwererenso. Awiri mwa iwo ndawayendera kwawo, ndipo mayi a mmodzi alonjeza kuti abwera mwezi wamawa.

Nkhodolero ya chilembo chakugwa aipeza onse, ndipo "do'nt" sanaonekenso. Ya umwini aipeza ambiri pamene mwini ndi mmodzi, koma "his friends' bags" wagwetsa oposa theka. Palibe amene anawaza zizindikiro mwachisawawa. M'mphepete mwa mapepala ena ndapeza timawu ta pensulo ta Chinyanja, "mwini ndani?" ndi "chagwa n'chiyani?", kusonyeza kuti mafunso a pakatoni aja alowa m'mutu. Mnyamata wa nthochi uja anaika nkhodolero pa "bananas" kachiwiri, kenako anaifufuta yekha; chipsera cha labala chikuoneka. Mipatuliro ya m'ndandanda ndi ya kachigawo kotsogolera ili bwino. Ziganizo zomangidwa ndi mpatuliro yekha zidakalipo zambiri, makamaka akamalemba nkhani zawozawo osati kukonza za wina.

Chigawo chikubwerachi tichita zinthu ziwiri zokha. Tibwerera ku khasu ndi eni ake ambiri, ndipo tikhala pa nthano mpaka "n'ku" atapeza njira yake yolowera m'Chingerezi. Nthano zisanu zimene zakonzeka bwino tizikopera pamanja m'kope limodzi, Chinyanja kumanzere, Chingerezi kumanja, kuti ana a kalasi ya 7 a chaka chamawa adzayambire pamenepo. Tikusowa makope 10, mapensulo ndi choko. Loweruka likubwerali sitikumana chifukwa m'chipinda chathu mukhala msonkhano wa amayi a patchalitchi. Tidzapitiriza Loweruka linalo, ndipo aliyense abwere ndi nthano yake atailembanso kachiwiri.